Adyo, Chikasu ndi Matumbo a Nkhuku

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Mchinji. Akuti anapiye awo a masabata anayi akutsekula m'mimba, chitosi chili ndi magazi, ndipo angoti ndwii, mapiko pansi. Anzawo awauza kuti asinje adyo n'kuthira m'madzi akumwa. Adokotala, zithandiza?

Dokotala: Pepani mayi ndi vutoli. Pa msinkhu umenewo, zizindikirozo zikuloza matenda a kokisidiyosisi. Tizilombo totchedwa Eimeria timalowa mkati mwa matumbo n'kuswana momwemo mpaka matumbowo kuchita zilonda, ndiye magazi mukuwaonawo. Zikafika apa, adyo wachedwa. Pitani lero lomwe kwa alangizi a ziweto kapena kusitolo ya mankhwala a ziweto, mukapeze amprolium, mutsate muyezo wolembedwa pa paketi. Mukabwerako, tapani utuchi wa m'kholamo ndi dzanja. Ngati ukumata, chotsani wonse muike wouma, pakuti mazira a tizilomboti amatuluka ndi chitosi ndipo amakhwima pachinyontho, makamaka mozungulira chomwera.

Wowulutsa: Bambo wina wa ku Mulanje, amene amaweta nkhuku zanyama, akufunsa ngati n'zoona kuti kunja alimi anasiya mankhwala n'kuyamba zitsamba.

Dokotala: Chilipo choona, bambo, koma tichiike pamalo pake. Mu 2006 mayiko a European Union analetsa kuthira maantibayotiki m'chakudya cha ziweto pofuna kungozikulitsa msanga, chifukwa mabakiteriya amazolowera mankhwalawo mpaka osamvanso, ngakhale akagwira munthu. Kuchiza nkhuku yodwala sanaletse ayi. Chiletsocho chinachititsa kuti akatswiri alimbikire kufufuza zomera. Mu oregano muli carvacrol, mu thyme muli thymol, ndipo ziwirizi zimaboola khungu la mabakiteriya monga Clostridium perfringens, amene amawoletsa matumbo pamene Eimeria wasiya zilonda. Mu chikasu muli curcumin, amene amachepetsa kutupa. Mu adyo muli allicin, koma amapangika pokhapokha adyoyo akasinjidwa, ndipo sachedwa kutha mphamvu. Tsabola nayenso amagwiritsidwa ntchito. Musamvere nkhuku chisoni, mbalame sizimva kuwawa kwake monga timamvera ife.

Chimene ndikufuna muchigwire n'chakuti makampani amayenga zinthuzi n'kuziyeza pasikelo, nthawi zina n'kuzikuta kuti zikafike m'matumbo zisanasungunuke. Adyo wa m'dimba mphamvu yake imasiyana ndi mtundu, nthaka ndi kasungidwe. Choncho ine ndimati zomerazi zili ngati mpanda wa dimba: zimathandiza mbuzi isanalowe. Zipatseni nkhuku zili bwino, pang'onopang'ono, madzi ake atsopano tsiku lililonse, ndipo mukaona kuti zachepetsa kumwa kapena kudya, lekani. Nkhuku yokana madzi imafooka msanga kuposa yopanda adyo.

Wowulutsa: Yomaliza yachokera kwa agogo ena a ku Dowa. Akuti chaka chilichonse chilimwe chikafika amanyika alovera ndi masamba a nimu m'madzi poteteza chitopa, koma nkhuku zimathabe.

Dokotala: Agogo, zimandipweteka mtima kumva khola likutha chonchi pamene njira ilipo. Chitopa chimayamba ndi vayirasi, ndipo palibe tsamba limene lingachitchinge. Chofunika ndi katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ngakhale anapiye, miyezi inayi iliyonse, matenda asanalowe m'mudzi. Gwirizanani ndi anansi anu mutemere tsiku limodzi. Za alovera chenjerani: utomoni wachikasu wa pansi pa khungu lake umatsekula m'mimba, ndiye nkhuku yotsekula kale mungoiwonjezera vuto. Ngati mukufuna kupitiriza, sendani tsambalo, mulitsuke, mutenge zoterera zoyera zamkati zokha. Ndipo nkhuku yogula kumsika muziyamba mwaiika payokha masabata awiri isanasakanizike ndi zinzake.