MBALAME NDI MALUWA A PA MVULA YOYAMBA

Pakutha pa cirimwe dziko lioneka ngati lakufa. Udzu wapsa, mitsinje yaing'ono yaphwa, ndipo mphepo iulutsa phulusa la pa lupsa kufikira m'makomo a nyumba. Koma dziko silinafe iai, lagona tulo cabe. Mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi, mitengo ya mombo ibvala masamba atsopano ofiira ngati mkuwa, ndipo muwale, umene unayoyola masamba ace onse, uturutsa maluwa ofiira pa nsonga za nthambi zace. Pambuyo pace kudza cizimalupsa, mvula ija yoyamba, ndipo atapita masiku owerengeka thengo lonse ladzuka. Nyengo imeneyi, ya miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndiyo yabwino koposa kuphunzira mbalame ndi maluwa, ndipo mwana wofuna kuphunzira sayenera kupita kutari. Kuseri kwa nkhokwe, pa mpanda wa dimba, ndi m'njira ya ku citsime muli zomkwanira caka cathunthu.

Nchito yoyamba ndiyo kukhala cete. Anyamata ambiri adziwa mbalame monga ndiwo basi. Akaiona pa nthambi dzanja liri kale pa legeni, ndipo akaitola pansi yakufa adziwa nthenga zace zokha, osadziwa kadyedwe kace, kapena kaliridwe kace, kapena kumene imanga cisa. Wofuna kudziwa izi atenge phale, alikhazike pa mthunzi wa mtengo pafupi ndi nyumba, nathiremo madzi. Pamenepo akhale pansi capatari pang'ono mbanda kuca, osagwedezeka. Pa nyengo ya kutentha mbalame zibvutika ndi ludzu monga anthu omwe, ndipo sizicedwa kuwapeza madziwo. Koma madzi a m'phale atayidwe ndi kuthiramo ena pakupita masiku awiri, kuti udzudzu ungaswanemo.

Woyamba kufika kawirikawiri ndiye pumbwa, wa mutu wakuda ndi nthenga zacikasu kunsi kwa mcira. Ana onse amdziwa, pakuti ndiye aboola mapapaya ndi kutha mabulosi. Koma si onse adaona cisa cace, cokhala ngati kambale ka udzu ndi timizu, m'mene aikira mazira awiri kapena atatu amathothomathotho. Pa nthambi youma pamwamba pakhala nthengu, yakuda bii, ya maso ofiira ndi mcira wa mphanda. Iyo ndi mbalame yaing'ono, koma mantha iribe. Kabawi akazungulira pamwamba pa anapiye, nthengu imuulukira nimjompha pamsana kufikira atacoka, ndipo mai woweta nkhuku ayenera kuiyamika. Ngati pali muwale pafupi, pomwepo padzaoneka coso, wa mlomo wautari wopindika, alikuyamwa madzi otsekemera a m'maluwa. Wamwamuna anyezimira pa dzuwa ngati mkanda, koma wamkazi ali wotuwa, kotero kuti ana ena amuyesa mbalame ya mtundu wina. Poyamwapo coso atenga mungu, ndiwo ufa wa maluwa, nautaya pa duwa lina. Ndimo umo mtengo ubalira mbeu.

Koma pali mbalame imene ana aiyesa yodziwika kale, osazindikira kuti dzina limodzi labisa mitundu ingapo. Imeneyi ndiye namzeze.

Mwana ayambe wapenya anamzeze amene amanga pa khonde la sukulu kapena kunsi kwa mlatho. Wina ali ndi mutu wofiira ndi cifuwa ca mizeremizere yakuda. Ameneyu atola matope pa cithaphwi, kanthongo kamodzi kamodzi m'kamwa, naumba cisa ngati cikho cogamphula pakati, comatika kudenga, cokhala ndi kakhomo kautari kolowerapo. Wina ali woyera mbee kunsi konse, ndi cisoti cofiira pamutu, ndi nthenga ziwiri za kumcira zoonda ngati waya. Cisa cace ncosatseka pamwamba, ngati theka la mbale. Awiriwa ndiwo eni dziko, pakuti abadwira m'Africa muno naswera ana ao momwemo.

Tsono pa mwezi wa Okutobala ndi wa Novembala kuoneka namzeze wacitatu. Iye afika ndi anzace ambirimbiri, nandanda pa mawaya a m'mbali mwa mseu, ndipo usiku agona m'bango la kudambo. Pamphumi ndi pakhosi pace mpofiira moderapo, ndipo pacifuwa pali mzere wakuda wopingasa ngati mkanda. Mwana amlonde mwezi wathunthu, sadzamuona atanyamula matope ngakhale tsiku limodzi. Sadzapeza cisa cace pa khonde liri lonse la m'dziko muno, kapena dzira lace, kapena mwana wace wopanda nthenga. Cifukwa cace nciani?

Cifukwa ndi ici, kuti namzeze ameneyu ndi mlendo. Kwao ndi ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo kumeneko amanga m'makola a ng'ombe ndi m'nyumba zosungira udzu. Iye sadya mbeu kapena zipatso, koma nchenche, udzudzu ndi tizirombo tina touluka, timene atigwira m'mwamba ali pa ulendo. Ngakhale madzi amwa cowuluka, kungokhudza mlomo pamwamba pa dziwe. Cisanu cikayandikira ku maiko a kumpoto tizirombo titha, ndipo namzeze akatsala adzafa ndi njala. Conco anyamuka, naoloka nyanja ya Mediterranean, napyola cipululu ca Sahara, m'mene ambiri a iwo afera m'njira. Ndipo otsalawo afika kuno pa nyengo yomwe ija mvula iturutsa ngumbi m'zulu.

Kale anthu a ku Ulaya sanadziwe kumene anamzeze ao amuka, ndipo ena anaganiza kuti alowa m'matope a pansi pa maiwe nagona momwemo kufikira cisanu citatha. Coonadi cinadziwika ndi mphete. Anthu ophunzira za mbalame anayamba kubveka mbalame timphete topepuka kumwendo, tolembedwa nambala ndi malo. Pa mwezi wa Meyi 1911 munthu wina anabveka namzeze mphete yotere ku Staffordshire, m'dziko la England. Ndipo pa 23 Disembala 1912 namzeze yemweyo anagwidwa pa munda wina pafupi ndi Utrecht, ku Natal, kumene tsopano kuchedwa KwaZulu-Natal, m'dziko la South Africa. Pakati pa malo awiriwa pali mamailosi pafupifupi 6,000. Ndipo kambalame koyenda ulendo wotere kalemera magalamu 20 okha kapena kuceperapo! Mnyamata wokapha ndi legeni apeza nyama yosadzaza m'kamwa, ndipo malonda amenewo ngoipa ndithu. Akatola mbalame yakufa iri ndi mphete kumwendo, asataye mpheteyo, koma apite nayo kwa aphunzitsi kuti nambala yace ilembedwe. Pa Marichi ndi Epulo alendowa asonkhananso pa mawaya, ndipo tsiku lina m'mawa apezeka palibe; abwerera kwao kumene mitengo yayamba kuphuka, ndipo ambiri afikira pa khola lomwe lija anamangapo caka catha.

Maluwa safuna phale, ndipo sathawa munthu. Koma naonso afuna maso omwewo. Mwana wosazolowera anena, Ndaona duwa lofiira, nayesa kuti watha. Koma maluwa ofiira alipo ambiri, ndipo mtundu wa duwa ndiwo unyenga koposa. Ayenera kuwerenga timasamba ta duwalo, kupenya maumbidwe a masamba a pa tsinde, kuona ngati comeraco ciimirira cokha, kapena ciyanga pansi, kapena cikwera pa cinzace, ndiponso kukumbukira pamene cinamera, kaya padambo, pacuru, kapena pamthunzi.

Ayambe ndi khovani, amene amera pa bwalo liri lonse. Ambiri ayesa kuti duwa lace liri ndi timasamba tiwiri ta mtundu wa thambo, koma wogwada pansi adzapeza kacitatu kakang'ono kobisala kunsi. Duwali litseguka m'mawa ndipo dzuwa likafika pamutu lafota. Cifukwa cace wolifuna madzulo salipeza. Makolo adana naye khovani m'munda, pakuti akamlima ndi kumsiya pa nthaka yonyowa, mfundo iri yonse iturutsa mizu nimeranso.

Pansi pa mitengo, mvula yoyamba itangogwa, paturuka duwa lina lodabwitsa, lobulungira ngati mpira, lalikuru ngati nkhonya ya munthu wamkuru, lofiira ngati moto, pa phesi limodzi lonenepa. Masamba ace akula pambuyo. Wopenyetsetsa adzaona kuti si duwa limodzi, koma timaluwa tambirimbiri tophatikana pamodzi. M'mabuku licedwa ndi dzina la Cilatini, Scadoxus. Lingathe kuphuka msanga cotero pa lupsa popeza pansi pali cinthu ngati anyezi, m'mene munasungika cakudya ndi madzi cirimwe conse. Koma si anyezi iai. Ndi ululu, ndipo sadya. Maina a maluwa a m'thengo asiyana dera ndi dera, conco mwana afunse agogo ace dzina la pamudzi pao, nalilembe pambali pa dzina la m'mabuku.

Duwa loyenera kulidziwa koposa onse liphuka mvula itakhazikika, kuyambira mwezi wa Disembala. Dzina lace la m'mabuku ndi Gloriosa superba, ndipo a ku Zimbabwe analisankha likhale duwa la dziko lao. Tsinde lace nloonda, losakhoza kuima lokha. Koma nsonga ya tsamba liri lonse ipotana ngati kambedza, nigwira udzu kapena citsamba, ndipo potero comeraco cikwera. Duwa lace liweramira pansi, koma timasamba tace tisanu ndi kamodzi tipindikira m'mwamba, tamakwinya m'mphepete, tofiira kunsonga ndi tacikasu kutsinde, ngati malawi a moto. Palibe duwa lina la m'thengo lofanana nalo, ndipo woliona kamodzi saliiwala.

Coopsa ciri pansi. Muzu wace uli ngati kambatata koyera, kopindika ngati cigongono, ndipo anyamata a kubusa, amene azolowera kukumba mizu ndi kuiocha pamoto, angathe kunyengedwa nao. M'comera conse, makamaka m'muzu ndi m'mbeu, muli ululu waukali wochedwa colchicine, umene sutha ndi kuocha kapena kuphika. Wodyayo samva kanthu poyamba. Atapita maora angapo m'kamwa ndi pakhosi payamba kutentha, nadza kusanza ndi kutsegula m'mimba. Ndipo nthawi zina wodwalayo aoneka ngati wacira, koma pa tsiku laciwiri kapena lacitatu matenda akula, namupha. Cifukwa cace mwana akadya muzu wotere, anzace asabise poopa kukwapulidwa, ndipo akuru asadikire kuti aone m'mawa. Amtengere ku cipatala nthawi yomweyo, atanyamula cotsala ca muzuwo kuti adokotala acione.

Tsono bvuto ndi ili, kuti pa nyengo imene anyamata akumba mizu duwa lija kulibe. Dzinja likatha tsinde liuma, moto ulinyeketsa, ndipo pamwamba sipatsala cizindikiro; muzu wokha ugona m'nthaka kudikira mvula yina. Wouzindikira pa cirimwe ndiye yekha amene anaona duwa lace pa dzinja. Conco mwana akhale ndi kabuku kace, m'mene alemba tsiku limene anaona namzeze mlendo woyamba, ndi tsiku limene muwale unaphuka. Ndipo akapeza duwa la malawi lija alijambule, nalembe malo ace mosaphonya, monga pa curu ca kumpoto kwa dambo, kapena pa mpanda wakale wa khola la mbuzi, naonetsenso ang'ono ace malowo duwa lisanafote.