Mphika Wamagetsi Sudziwa Mtundu wa Mpunga

Mphika wamagetsi wophikira mpunga ulibe maso. Pansi pake pali kachitsulo komva kutentha basi. Madzi akadali m'kati, kutentha sikupitirira madigiri 100. Akangouma kumakwera, ndipo mphikawo umaleka kuphika n'kuyamba kungofunditsa. Choncho mpunga ukatuluka wosapsa kapena ngati phala, mlandu ndi wa amene anathira madzi.

Kakapu kobwera ndi mphika ndi ka mamililita 180. Pimirani mpunga ndi madzi omwe m'kakapu kamodzimodziko.

Mpunga wonunkhira wa kwathu, wa ku Chama, ku Mongu kapena ku Nakonde, muyambe mwaupeta ndi kuchotsa timiyala, popeza timakanda mphika ndi kuthyola dzino la mlendo. Mukautsuka, kapu imodzi ya mpunga imafuna madzi kapu imodzi ndi theka. Koma alimi mukudziwa kuti wongokolola kumene uli ndi chinyezi chake. Umenewo muuchepetsere madzi. Wogonera chaka m'thumba umamwa ambiri.

Basmati wa ku India ndi Pakistan muuviike mphindi 20 kuti njere zake zitalike bwino. Mpunga wosachotsa gaga ndiye wouma mutu: umafuna makapu awiri a madzi ndiponso nthawi yaitali.

Mphika ukaleka kuphika, dikirani mphindi 10 musanavundukule, nthunzi imalize ntchito. Magetsi akazima, musasiye mpunga wakupsa kugona m'mphika wozizira, chifukwa tizilombo tina sitifa pophika, ndipo timaswana n'kutsegula banja lonse m'mimba.