Kodi makina ojambula ubongo angaone matenda ofoola minofu?

Muulutsi: A Dokotala afika kale, ndipo kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa kwa Nkhulambe. Akuti: "Bambo a kunyumba ali ndi zaka 54. Chinayamba ndi dzanja lamanja, khasu kumangowapulumuka. Kenaka kumanga mabatani a malaya kunayamba kukanika. Pano dzanjalo laphwa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, minofu ya pamkono imangothamangathamanga yokha, ndipo patapata amavuka ali mkati moyenda. Sakumva kupweteka, dzanzinso palibe. Kuchipatala akuganizira motor neuron disease, ndipo atiuza kuti tipite ku chipatala cha Gulupu akajambulidwe mutu ndi khosi. Kodi makinawo akawaona matendawa? Tigulitse mbuzi tipite?"

Dokotala: Pepani mayi ndi matendawo, komanso zikomo chifukwa mwafotokoza mwadongosolo kuposa mmene enafe timalembera m'mabuku a odwala. Ndiyankhe mosabisa. Makina a MRI paokha sanganene kuti bambo ali ndi motor neuron disease, yomwe timaitchula mwachidule kuti MND. Komabe pitani. Ndifotokoza chifukwa chake.

Ubongo uli ngati mfumu, minofu ndi anthu a m'mudzi, ndipo pakati pawo pali amithenga. Amithengawo ndi mitsempha yoyendetsa minofu. Ina imachokera muubongo kutsikira mumsana, ina imachokera mumsana kukafika m'dzanja, m'phazi ndi m'lilime. Pa MND amithengawa amafa mmodzimmodzi. Mnofu womwe sukulandiranso uthenga umayamba kugwedezeka wokha, kenaka umaphwa. Mitsempha yomvera kutentha, kuzizira ndi ululu imakhala bwinobwino, n'chifukwa chake bambo sakudandaula dzanzi. Maso amayenda bwino, ndipo ambiri mkodzo amaugwira.

Tsono timitsempha timene tikufato n'tating'ono kwambiri. Pa chithunzi cha MRI, ubongo wa munthu wodwala MND kawirikawiri umaoneka ngati wa munthu wabwinobwino. Nthawi zina katswiri amaona kamzere kakuda pamwamba pa ubongo, pamalo olamulira kayendedwe ka thupi, kapena kusintha kwa njira yomwe mitsempha imatsikira kumsana. Ofufuza a kunja ali kalikiliki kuyesa njira zoti zizindikiro zimenezi zizithandiza kupeza matendawa msanga, koma mpaka lero palibe dokotala wanzeru amene angagamule pongoona chithunzi. Chigamulo chimachokera pa mbiri ya wodwala, pa manja a dokotala, pa kanyundo kaja timagogodera pabondo, pa kuyang'ana lilime ngati likunjenjemera, ndi pa kuona ngati kufookako kukufalikira miyezi ikamapita. Palinso kuyeza kwa EMG, kolowetsa kasingano mumnofu n'kumvetsera mphamvu yake, koma kuno kwathu sikupezeka wamba.

Muulutsi: Nanga ngati makinawo sakawaona matendawa, a Dokotala, mayiwa avutikirenji ulendo wa ku Blantyre?

Dokotala: Chifukwa pali matenda ena ofanana ndi MND omwe makinawo amawaona bwino lomwe, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi thandizo. Mafupa a m'khosi akaperepeseka amatha kupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, munthu n'kufooka manja, miyendo n'kumauma. Zimenezi madokotala a opaleshoni amakonza. Chotupa mumsana kapena muubongo chimachitanso chimodzimodzi. TB imalowa m'mafupa a msana, ndipo mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma. Ife a kufupi ndi nyanja ya Chilwa tisaiwalenso likodzo: mazira ake amatha kukakhala mumsana n'kupuwalitsa miyendo, ndipo likapezeka msanga mankhwala alipo. Onjezani chindoko chokhalitsa, HIV, ndi kuperewera kwa vitamini B12, zomwe timazipeza poyeza magazi. Ine ndimati kujambula wodwala wotere n'kufunafuna nkhani yabwino. Chithunzi chikaonetsa kanthu, mwina tapeza choti n'kuchiza. Chikatuluka choyera pomwe bambo akufookerafookera, apo m'pamene maganizo a MND amakula.

Za mbuzi, musathamange. Yambani mwatenga kalata yokutumizani kuchokera ku chipatala cha boma cha Phalombe kapena ku Holy Family, magazi ayezedwe, ndipo madokotala afunse ku Gulupu tsiku loti mupite. Kungonyamuka nokha kukajambulitsa ku chipatala cholipira, popanda dokotala wonena malo oyenera kujambula, ena amabwerako ndi chithunzi cha mutu chokha pomwe vuto lili m'khosi. Ndalama yapita, yankho palibe.

Muulutsi: Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yachokera kwa mnyamata wa ku Chitekesa. Akuti: "Ndinamva kuti makina amenewa amaumitsa magazi ndi kufupikitsa moyo. N'zoona?"

Dokotala: Si zoona, achimwene. MRI imagwiritsa ntchito maginito, ilibe cheza chonga cha ekisireyi kapena CT. Mumagona pa kabedi, kabediko kamalowa m'chimphanga, ndipo mumamva phokoso logogoda kwa mphindi 30 kapena kupitirirapo. Chachikulu n'kusagwedezeka, komanso kuwauza ojambulawo ngati muli ndi chitsulo m'thupi. Makina oyamba otere m'Malawi muno anafika ku Gulupu mu 2008 kudzera mu kafukufuku wa malungo a muubongo wotsogozedwa ndi Terrie Taylor wa ku Michigan State University. Anajambula ana ang'onoang'ono okomoka ndi malungo, ndipo mu 2015 zotsatira zinaonetsa kuti chimene chimapha ambiri mwa anawo ndi kutupa kwa ubongo.

Muulutsi: Iyi yachokera kwa aphunzitsi ena a kwa Nazombe. Akuti abale awo a ku Mozambique amasimba za matenda oumitsa miyendo obwera m'chaka cha njala. Akufunsa ngati ndi omwewa.

Dokotala: Aphunzitsi mwafunsa bwino. Amenewo ndi konzo. Amagwiranso mitsempha yoyendetsa minofu, koma ndi osiyana ndi MND. Mu 1981, kutagwa chilala m'chigawo cha Nampula, anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo, ambiri ana ndi amayi. Gwero lake ndi chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira, chodyedwa tsiku ndi tsiku popanda nyemba, nandolo kapena nsomba. Konzo amagwa mwadzidzidzi: mwana amagona bwino, m'masiku ochepa akuyendera zala za kumapazi, miyendo ikupingasana. Akafika pamenepo sapitirira, koma sabwereranso. MND imayamba mwakachetechete, kawirikawiri kwa munthu wopitirira zaka 50, ndipo siima. Konzo amapeweka. Chinangwa chowawa chisendedwe, chiviikidwe m'madzi masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe, kenaka chiyanikidwe. Kungoyanika makaka padzuwa sikuchotsa poizoni yense.

Muulutsi: Tibwerere kwa mayi aja, poti kumapeto kwa kalata yawo alembanso kuti achibale akuloza chala malume ena, ndipo ana akuopa kudyera mbale imodzi ndi bambo awo.

Dokotala: Apa ndilankhula mwamphamvu. MND si yopatsirana. Idyani nawo, agwireni dzanja, gonani nawo nyumba imodzi. Komanso malumewo asiyeni. Matendawa anafotokozedwa ndi dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, mu 1869, ndipo amagwira anthu a mitundu yonse. Anapha Joost van der Westhuizen, katswiri wa masewero a rugby ku South Africa, mu 2017. Mwa odwala khumi alionse, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amatengera kumtundu.

Mankhwala ochiziratu kulibe. Alipo otchedwa riluzole, omwe amangowonjezera miyezi yochepa. Odwala ambiri amakhala zaka ziwiri mpaka zisanu chiyambireni zizindikiro, ngakhale Stephen Hawking, wasayansi wa ku England, anapezeka nawo mu 1963 n'kukhala mpaka 2018. Amene akukulonjezani kuti achiza ndi mphini kapena mabotolo a mankhwala odula akungofuna mbuzi zanuzo.

Chimene chimathandiza ndi chisamaliro. Mafizo amateteza mfundo kuti zisaume, ndipo a bungwe la MAP ku Kachere Rehabilitation Centre mu Blantyre amathandiza pa ndodo ndi njinga za olumala. Ku Gulupu komweko funsani za Tiyanjane, kiliniki yosamalira odwala matenda okhalitsa. Kunyumba yang'anirani kameza. Bambo akayamba kutsamwa, azidya atakhala tsonga, chibwano atachiweramitsa pang'ono, mbamu zing'onozing'ono. Phala lolimbako lothira nsinjiro limamezeka bwino kuposa madzi kapena thobwa lamadzimadzi, lomwe limathamangira kumapapo. Akamadzuka ndi mutu m'mawa, kapena kubanika akagona chagada, musadikire tsiku lomwe anakulemberani, pitani nawo kuchipatala.

Koma zonsezi n'za mtsogolo, mayi, poti sitinatsimikize kuti ndi MND. Lolemba likubwerali tengani buku la kuchipatala la bambo, mulembe papepala mwezi womwe chizindikiro chilichonse chinayamba, mukapemphe kalata ya ku Gulupu, ndipo mukawakumbutse kuti ajambule khosi lomwe.