Kodi mawu akuti lepide ndi oyenera aphunzitsi anga?

Aphungu,
Aphunzitsi athu a Chilatini akupuma pantchito. Ndi munthu wanthabwala, koma nthabwala zawo n'zaulemu. Ndikufuna kuwalembera mawu akuti lepide pakhadi lotsanzikana. Kodi sindiwalakwira?
Wophunzira, Kasungu

Mwanawe,
Wasankha bwino, koma udziwe poika. Lepide amafotokoza mmene chinthu chachitikira: mokometsera, mwaluso, moseketsa koma mosanyoza. Amachokera ku lepos, kukoma kwa kalankhulidwe komwe kumakopa womvera. Ukafuna kuwonjezera mphamvu umati lepidius, ndipo pamapeto penipeni ndi lepidissime.

Kwawo kwa mawuwa ndi kumacheza. Plautus, wolemba zisudzo wa ku Roma yemwe anamwalira m'chaka cha 184 Yesu asanabadwe, ankawakonda kwambiri. M'zisudzo zake munthu akatulukira nzeru yopusitsira wina, mnzake amatha kungofuula mawu amodziwa, ngati mmene ife timanenera kuti “Walasa!” Choncho ndi mawu a anthu ozolowerana, osati a m'bwalo la milandu.

Chenjera ndi m'bale wake lepidus, wofotokoza munthu kapena chinthu. Mlakatuli Catullus anatchula kabuku kake ka ndakatulo ndi mawu amenewa monyadira. Koma Cicero, wandale wa ku Roma, podzudzula mdani wake Catilina m'chaka cha 63 Yesu asanabadwe, anawagwiritsa ntchito pojeda anyamata odzikongoletsa omwe ankatsatira Catilinayo. Aphunzitsi ako ayenera kuti anawerenga zimenezi, ndiye ukawatchula lepidus akhoza kudabwa ngati ukuwayamika kapena ukuwaseka.

Yamika zimene ankachita, osati maonekedwe awo. Lemba kuti lepide docuisti, kutanthauza kuti “munaphunzitsa mokoma”. Usaope kuti docuisti akuloza munthu mmodzi: m'nthawi ya Cicero ngakhale wamkulu ankalankhulidwa choncho, popanda “inu” waulemu.

Ngati chomwe umakumbukira kwambiri ndi kuseka, facete ndiye woyenera. Urbane, wochokera ku urbs, mzinda, amanena za nthabwala za munthu wophunzira ndi wodziletsa. Salse, wochokera ku sal, mchere, umusiye, chifukwa ndi wa nthabwala zoluma.

Pomaliza, ukamawerenga khadilo pagulu n'kutchula leporis, wochokera ku lepos uja, ukoke “o”. Ukamufupikitsa, ukunena za kalulu, ndipo aphunzitsi ako adzakukonza ngakhale tsiku lotsanzikana.