Mlendo Wodzipereka pa Sukulu Yathu: M'kalasi ndi Kumunda

Si zachilendo m'Malaŵi kuona anthu a maiko akunja akudzaphunzitsa mongodzipereka. Bungwe la VSO lidayamba ku Britain mu 1958. La Peace Corps la ku America lidatumiza anthu ake kuno mu 1963, tisanalandire ufulu wodzilamulira, ndipo a ku Japan adatsatira mu 1971. Ena amabwera m'magulu kwa masabata oŵerengeka chabe, kudzathandiza m'kalasi ndi kumunda. Tsono funso nali: tiwalandire motani kuti ana apindule?

Tiyerekeze kuti tikuphunzitsa pa sukulu ya pulaimale ku Lupaso, mumzinda wa Mzuzu, ndipo alendo atipeza mu Julayi.

Choyamba, kalasi likhalebe m'manja mwathu. Ana ambiri kumeneko amayankhula Chitumbuka kunyumba, ndipo Chingerezi cha mlendo chimathamanga. Tikamsiya yekha, ana adzangovomera ndi mutu osamva kanthu. Tikonze naye phunziro dzulo lake, timuonetse silabasi, ndipo timpatse gawo lomuyenera, monga kuŵerenga nthano kapena kucheza ndi kagulu ka ana oŵerengeka. Ife tiime pafupi, timasulire povuta, kenaka tifunse mafunso kuti tidziŵe ngati ana amvadi.

Chachiŵiri, ntchito ya kumunda itsate nyengo. Mu Julayi chimanga chidakololedwa kale ndipo Mzuzu amazizira kwambiri. Imeneyi ndiyo nthaŵi yopanga manyowa, yosamala dimba la mpiru ndi kabichi, ndi yokonza nazale ya mitengo. Mlendo asakumbire ana. Agwire khasu limodzi nawo, ndiponso aphunzire kwa makolo, eni nthaka, amene amaidziŵa kuposa iye.

Chachitatu, munda ukhale kalasi. Pophunzitsa kabzalidwe ka chimanga, ana ayese ndi chingwe mizere yotalikirana masentimita 75, ndi mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Tikawafunsa kuti mzere wa mamita 10 ukugaŵika kangati ndi masentimita 25, adzapeza 40. Motero masamu, ulimi ndi Chingerezi zakumana pa mzere umodzi.

Chachinayi, tisamale ulemu wa ana. Mphatso zidzere kwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu, kuti ana asazoloŵere kupempha. Zithunzi zisajambulidwe popanda chilolezo, ndipo mlendo asakhale yekha ndi mwana.

Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Adatinso mlendo ndi mame. Zonse n'zoona. Nzeru zake tizilandire, koma tisaiŵale kuti sachedwa kupita. Asananyamuke, tigaŵe ntchito: othirira dimba, otembenuza manyowa, osunga makasu. Dimba likauma mlendo atangochoka, ana adzaphunzira kuti chitukuko chimabwera ndi alendo ndi kubwerera nawo.

Ntchito: Konzani phunziro la mphindi 35 la Sitandade 6, losonyeza bwino gawo lanu ndi gawo la mlendo.