Phunziro 6: Mmene Synapse Imasefera Mauthenga mu Ubongo

Chiyambi

M'phunziro lapitali tinaona kuti maselo a ubongo, otchedwa manyuroni, amapatsirana mauthenga pamalo otchedwa synapse. Ambirife pophunzitsa timajambula synapse pabolodi ngati polumikizira mawaya awiri, podutsa chilichonse. Chithunzi chimenechi chimasocheretsa ophunzira. Synapse imasefa: mauthenga ena imawakweza mphamvu, ena imawafooketsa, malinga ndi kuchuluka kwawo pa sekondi. Kuchulukaku timakuyeza mu Hz. Mauthenga 10 pa sekondi ndiye 10 Hz.

Zolinga

Pomaliza phunziroli muzitha:
• kusiyanitsa synapse yofooka msanga ndi yolimba ikafulumizitsidwa;
• kufotokoza mgwirizano wa kusefaku ndi kukumbukira.

Mitundu iwiri ya sefa

Kumapeto kwa nyuroni yotumiza kuli timatumba tokhala ndi mankhwala onyamula uthenga, monga glutamate. Uthenga ukafika, kashiamu amalowa, timatumba tina n'kutsanula mankhwalawo.

Pali synapse yomwe imatsanula timatumba tambiri pa uthenga woyamba. Mauthenga akatsatizana mothithikana, timatumba tokonzeka timachepa ndipo yankho limafooka. Zili ngati chitsime chosaya: wotunga woyamba amadzaza ndowa, koma mukachulukana mumangopala matope mpaka madzi atabwerera. Synapse yotere imadutsitsa bwino mauthenga obwera apo ndi apo.

Ina imatsanula pang'ono poyamba. Koma uthenga wachiwiri ukabwera msanga, umapeza kashiamu wotsala. Akaphatikizana ndi watsopano, timatumba tambiri timatseguka. Iyi imakondera mauthenga obwera motsatizana mwachangu. Chitsanzo chili m'chigawo cha ubongo chothandiza kusunga zinthu zatsopano, hippocampus: minyewa yochoka ku dentate gyrus kupita ku CA3 imapereka yankho lofooka pa uthenga umodzi, koma lamphamvu zedi mauthenga akabwera mwamkokomo.

Kusintha kotereku sikukhalitsa. Kumatha pa kachigawo ka sekondi, mwina pa mphindi zochepa.

Ntchito 1

Imani kaye. Synapse ya mtundu uliwonse yalandira mauthenga 5 pa 50 Hz. M'kope lanu jambulani mizere 5 yosonyeza kukula kwa yankho lililonse.

Kusintha kokhalitsa

Mu 1973 Tim Bliss ndi Terje Lømo anafalitsa zomwe anapeza mu hippocampus ya akalulu. Atatumiza mauthenga othithikana kwa masekondi ochepa, synapse zinakhala zamphamvu kwa maola angapo. Izi zimatchedwa LTP. Mu 1992 Serena Dudek ndi Mark Bear anasonyeza mbali inayo pa makoswe: mauthenga 900 pa 1 Hz, ndiye kuti kwa mphindi 15, anafooketsa synapse za ku CA1. Izi ndi LTD.

Chimasiyanitsa n'chiyani? Pa nyuroni yolandira pali tizipata totchedwa NMDA, totsekedwa ndi magineziyamu. Mauthenga othithikana amachotsa chotsekeracho, kashiamu wambiri n'kulowa, synapse n'kulimba. Kashiamu wolowa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali amaifooketsa.

Chenjezo kwa inu aphunzitsi

Musauze ophunzira kuti kubwereza mawu mothamanga kumalimbitsa synapse. Ma Hz amenewa ndi a manyuroni, osati a pakamwa pa mwana. Pa nkhani yoloweza, Hermann Ebbinghaus anapeza kale mu 1885 kuti kubwereza kogawidwa pa masiku angapo kumaposa kupanikiza zonse tsiku limodzi.

Dziyeseni

1. N'chifukwa chiyani synapse yotsanula zambiri poyamba imafooka msanga?
2. Kodi fanizo la chitsime likulephera kufotokoza chiyani? Kambiranani ndi mphunzitsi mnzanu musanatumize yankho kwa mlangizi wanu.