Matope a Pansi pa Nyanja: Sefa Ikhoza Kutinamiza

Tikapita kutchuthi ku Usisya timangoona madzi ndi mabwato a usipa. Koma m'chaka cha 2005 akatswiri a sayansi anaimika chombo cha Viphya kum'mawa kwa derali, pamalo ozama mamita pafupifupi 590, nakumba matope mamita 380 kunsi kwake. M'matopemo muli zigoba za tizamoyo tating'onoting'ono: madiatom, a zigoba zonga galasi, ndi maostracod, a zigoba za laimu. Zigobazi zinathandiza kusonyeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunkagwa chilala choopsa, nyanja n'kuphwa mamita mazanamazana.

Komatu yankho limadalira m'mene watsukira matopewo. Ukathira asidi, zigoba za laimu zimasungunuka, zagalasi n'kutsala. Ukasefa ndi sefa ya mabowo aakulu, tating'ono timapita ndi madzi. Ofufuza maforaminifera, tizamoyo ta m'nyanja zamchere, amalidziwanso vutoli: sefa ya mamicrometre 63 ndi ya 125 zimapereka chiwerengero chosiyana pa matope omwewo.

Choncho, anzanga, mu labotale tizilemba njira iliyonse imene tatsata. Wobisa njira yake amasocheretsa anzake, ngakhale atawerengera molondola.